Funso la feteleza limene pulani yanga sinaliyembekezere

Usiku umenewo, ine wophunzira ntchito ya uphunzitsi, ndinali ndi mulu wa makope oti ndichonge, sikimu yosamaliza, komanso phunziro la sayansi loti ndikaphunzitse m'mawa aphunzitsi ondiyang'anira ali pomwepo. Ndinatsegula ChatGPT, pulogalamu ya nzeru zopangidwa ndi makompyuta (AI) imene imalemba zimene waiuza, n'kuiuza kuti indikonzere phunziro la mphindi 40 la mmene zomera zimapangira chakudya chake. Mphindi imodzi isanathe zonse zinali zitatuluka: zolinga, poyambira, ntchito ya m'magulu, mafunso otsekera, mpaka ntchito yokachitira kunyumba. Ndinasintha mawu awiri atatu, n'kukopera m'buku la mapulani. Sabata yonseyo ndi tsiku lokhalo limene ndinagona msanga.

M'mawa phunziro linayenda bwino mpaka pakati. Ndinali nditalemba pa bolodi kuti tsamba limatenga madzi ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo ndi mphamvu ya kuwala kwa dzuwa limapanga shuga. Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ngati chomera chimadzipangira chokha chakudya m'masamba, nanga feteleza amathiriranji? Si chakudya chake chimenecho?"

Ndinayankha kuti feteleza amathandiza chomera kukula. Anavomera mwaulemu, koma nkhope yake inandiuza kuti ndangomubwezera funso lake lomwe. Pambali pake anyamata awiri anayamba kunong'onezana kuti mtengo umadya dothi, basi. Ine ndinathamangira ku ntchito ya m'magulu, popeza ndiyo inali yotsatira pa pepala.

Titatuluka, aphunzitsi ondiyang'anira aja sanatsutse chilichonse m'pulaniyo. Anangondifunsa kuti, "Musanalowe m'kalasi muja, inu munkaganiza kuti anawa amati thunthu la mtengo limachokera kuti?" Ndinangoti kukamwa yasa. Funsolo linali lisanandifikepo m'mutu, chifukwa nthawi imene likanandifika, ija yokhala pansi n'kumalimbana ndi mutu wa phunziro, ndinali nditaidumpha.

Chondipweteka n'chakuti nkhani yodziwa zimene ana amaganiza kaleyi tinali titaiphunzira kale pa maphunziro a uphunzitsi, ndipo mayeso ake ndinakhoza. Mu 1986 Lee Shulman, katswiri wa zamaphunziro wa ku America, anafotokoza kuti kudziwa phunziro ndi kudziwa njira zophunzitsira sikukwanira. Pali chidziwitso china chimene chili pakati pa ziwirizi: kudziwa chimene chimavuta pa mutu uwu weniweniwu, maganizo amene ana amabwera nawo asanaphunzitsidwe, ndi zitsanzo zimene zingawagwedeze. Ndinaloweza zimenezi ngati mawu a m'buku. Tanthauzo lake ndinalimva tsiku la feteleza lija.

Madzulo ndinawerenga zimene ndinayenera kuwerenga dzulo lake. Feteleza amapatsa chomera michere monga nitrogen, phosphorus ndi potassium, imene imafunika pang'ono pokha poyerekeza ndi kukula kwa chomeracho, ngakhale kuti popanda iyo sichingakule bwino. Koma mtengo ukauma, gawo lalikulu la kulemera kwake linachokera mu mpweya. Zimenezi n'zovuta kukhulupirira ngakhale kwa munthu wamkulu. Ndinapezanso nkhani ya Jan Baptist van Helmont, wasayansi wa ku Brussels, imene inasindikizidwa mu 1648 iye atamwalira kale. Anadzala kamtengo ka msondodzi ka makilogalamu awiri ndi pang'ono m'mphika wa dothi louma lolemera makilogalamu pafupifupi 90, n'kumakathirira madzi okha kwa zaka zisanu. Mtengowo unafika makilogalamu pafupifupi 77. Dothi lija ataliumitsanso n'kuliyeza, linali litapunguka ndi magalamu osakwana 60. Phunziro langa lonse linali m'nkhani imeneyi, ndipo m'pulani muja munalibe.

Apa ndiyenera kunena chilungamo. ChatGPT sinandinamize, zonse zimene inalemba zinali zoona. Nditabwererako n'kuifunsa kuti ana amalakwitsa chiyani kawirikawiri pa mutu umenewu, nkhani ya kudya dothi inali m'gulu la zimene inatchula. Yankho linalipo, koma ine sindinkadziwa kuti pali funso. Mphunzitsi amene waphunzitsa mutuwu zaka khumi akaona pulani ngati ija amazindikira nthawi yomweyo pamene pali dzenje, n'kupakwirira. Ine, wophunzira ntchito, ndinangoona kusalala kwake. Ndiye chida chomwecho chimathandiza anthu awiriwa mosiyana kwambiri: winayo chimamuchotsera ntchito yolemba zimene akudziwa kale, ine chinandichotsera mpata wozidziwa.

Sindili m'gulu la amene amati zida za AI zitayidwe. Ntchito ya mphunzitsi ndi yambiri, ndipo amene sanachongepo makope mpaka maso kuchita chidima asamafulumire kutchula ena aulesi. Mu December 2024 bungwe la Education Endowment Foundation la ku England linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachitika ndi aphunzitsi a sayansi 259 m'sukulu za sekondale 68. Amene anagwiritsa ntchito ChatGPT pokonzekera maphunzirowo ankatha mphindi pafupifupi 56 pa sabata, pamene anzawo ankatha mphindi zoposa pang'ono 81. Akatswiri amene anaunika zophunzitsirazo, osadziwa kuti izi zachokera gulu liti, sanaone kusiyana pa ubwino wake. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti ambiri sankaipatsa phunziro lonse ngati mmene ndinachitira ine. Ankaituma tizigawo, monga kupanga mafunso kapena kupereka maganizo a zochita m'kalasi.

Mphindi 25 pa sabata n'zenizeni, koma si zozizwitsa zimene otsatsa malonda amalonjeza. Ndipo ndili ndi kankhawa kena: nthawi ikapezeka, pamapezekanso wina wofuna kuidzaza ndi mafomu atsopano.

Palinso ntchito imene chidachi chimabweretsa m'malo mochotsa. Mmene chimagwirira ntchito n'kulosera mawu oyenera kutsatira, kutengera zolemba zambirimbiri zimene chinaphunzitsidwira, ndiye cholondola ndi cholakwika chimazinena ndi chidaliro chofanana. Tsiku lina chinandipatsa mafunso khumi ndi mayankho ake, limodzi lili lolakwika. Ndikanapanda kuwerengera ndekha, ndikanachonga nalo kalasi yonse. Nthawi ina chinandiuza tsamba la buku limene nditatsegula munalibe zimenezo. Chimakondanso kuganiza kuti gulu lililonse lili ndi zipangizo zake ndipo aliyense amaliza pa mphindi zisanu. Kalasi yanga sichinaionepo. Maina a ana ndi malikisi awo sindilembamo n'komwe. Malangizo amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona zamaphunziro, inatulutsa mu September 2023 amachenjeza za kuteteza zinsinsi za ophunzira, ndipo pamenepa sindifuna kuphunzira nditalakwa kale.

Tsopano ndinasintha poyambira. Ndimayamba ndi pepala ndi cholembera, foni ili kutali. Ndimalemba chinthu chimodzi chimene ndikufuna ana atuluke nacho, zimene ndikuganiza kuti amakhulupirira kale, ndi funso limene lingandigwetse. Ndikatero m'pamene ndimatsegula ChatGPT, kuti inditsutse, indionjezere zolakwika za ana zimene sindinaziganizire, indilembere mafunso oyeserera a misinkhu itatu, kapena ifewetse ndime yovuta. Zimatenga nthawi yaitali kuposa usiku uja, koma yochepa kuposa mmene ndinkachitira ndekha.

Sabata yotsatira ndinapempha kubwereza phunziro lija. Sindinayambe ndi zolinga. Ndinajambula mphika ndi kamtengo pa bolodi, n'kulemba manambala a van Helmont, kusiyapo limodzi lokha: kulemera kwa dothi patatha zaka zisanu. Ndinati aliyense alembe limene akuganiza. Ambiri analemba 15 kapena 20, popeza mtengo wadya dothi. Nditalemba nambala yeniyeni, kalasi inaphulika. Ena ankati sikelo inali yowonongeka, ena ankati munthuyo ankaonjezera dothi usiku.

Mtsikana wa feteleza uja anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti ndi madzi, aphunzitsi. Mwanena kuti ankathira madzi okha."

Ndinamuuza kuti van Helmont nayenso anaganiza chimodzimodzi, ndipo anangopeza mbali imodzi ya yankho. Anafunsa kuti mbali inayo ili kuti. Belu linalira ndisanayankhe, ndipo funso lakelo ndinalilemba pamwamba pa tsamba la pulani ya Lachinayi.