Ndinapita ku Geraardsbergen ndi mchere m'thumba

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, kwawo ndi ku Geraardsbergen, katauni ka m'mphepete mwa mtsinje wa Dender ku Flanders, m'dziko la Belgium. Dzinali lisakupindeni lilime, eniake omwe anatopa nalo, amangoti Giesbaargen. Atandiitanira ku chikondwerero chakwawo cha Krakelingen, ndinafunsa zimene munthu aliyense wanzeru amafunsa: "Kukakhala chiyani kumeneko, alamu?" Iwo anawerenga ndi zala: "Buledi, vinyo, nsomba ndi moto."

Tsono ndiuzeni inuyo. Munthu akatchula nsomba, pomwepo n'kutchulanso moto, mumaganiza chiyani? Ine m'maso munangobwera chambo chitagona pa makala. Podziwa kuti anzathuwa dzanja lawo limanjenjemera pothira zokometsera, ndinakulunga mchere m'kapepala pamodzi ndi kambuzi zisanu, n'kuponya m'thumba la chijasi. M'mawa sindinadye kanthu. Wopita kuphwando sadzaza mimba ndi phala.

Tsiku lake silivuta: pezani Lolemba loyamba la Malichi, la msika wawo waukulu wa pachaka, mubwerere m'mbuyo masiku 8. Mugwera Lamulungu la kumapeto kwa Febuluwale, nthawi ya chisanu ndi kamvula kowaza kosadziwa kutha. Koma ine nditamva kuti kukakhala ansembe ndi a meya, ndinavala suti ndi nsapato zanga zaukwati, zija zosalala kunsi ngati mbale. Alamu anandichingamira pa siteshoni ali m'majombo. Anayang'ana nsapato zanga, anayang'ana ine, osanena kanthu.

Anayamba andilowetsa m'bekale kuti ndigule mattentaart, kakeke kozungulira kamene tauniyi imanyadira. Amawiritsa mkaka wa ng'ombe, n'kuthiramo mkaka wowawasa wonga chambiko kuti udukane. Zoundanazo amazikulunga m'nsalu kuti madzi akhe, kenako amazipera ndi mazira, shuga ndi kafungo ka alimondi, n'kuzitsekera m'chikhokho chopyapyala chofufuma. Malamulo a European Union salola kuti dzina loti Geraardsbergse mattentaart ligwiritsidwe ntchito pa keke yophikidwa kunja kwa Geraardsbergen ndi Lierde, dera loyandikana nalo. Ndinagula tiwiri. Kudya ndinakana: "Malo ndasungira nsomba, alamu." Makeke analowa m'thumba lakumanja momwe munali kambuzi, risiti kumanzere.

Ndawala imanyamuka pa tchalitchi cha Hunnegem, anthu pafupifupi 1,000 atavala zamakedzana, n'kuwoloka Dender kulowera pa bwalo la Markt. Pamenepo pali kachiboliboli ka mwana akukodza, Manneken Pis, ndipo musayerekeze kunena kuti anaonera ku Brussels. Akuuzani kuti wawo ndi wa 1459, wa ku Brussels uja ndi mng'ono wake wa 1619. Alamu anafotokozanso kuti tauniyi inakhazikitsidwa ndi Boudewijn VI, wolamulira Flanders, mu 1068, ndi kuti mwambo wa buledi unalembedwa kale m'mabuku a ndalama a tauni mu 1393. Ana asukulu amauzidwa kuti mu 1381 Walter wa ku Enghien anazinga tauniyi, anthu anjala n'kuponya buledi ndi nsomba zawo zomaliza kunja kwa linga, adaniwo n'kuganiza kuti m'katimo muli mwanaalirenji, n'kuchoka. Nthano yokoma. Mbiri yeniyeni ikuti Walter analowa ndithu n'kusakaza tauniyo. Ine ndinangogwirapo mawu amodzi: nsomba.

Kenako Muur. Dzinali limatanthauza khoma, ndipo sanalakwitse. Ndi kamsewu kokwera phiri la Oudenberg, lotalika mamita 110, kodziwika ndi mpikisano wa njinga wa Ronde van Vlaanderen. Pena pake mumakwera pafupifupi mita imodzi pa mamita asanu alionse. Miyala yake, kasseien, ndi yozungulira pamwamba ngati mitanda ya nsima, m'mipata mwake muli matope, ndipo mitengo imatchinga dzuwa moti sipauma. Pamafunika nsapato za mphira zamano, masitepe aafupi, phazi lonse pansi. Zanga zaukwati zinkapita patsogolo kamodzi, m'mbuyo kawiri. Ndinakwera ndi mayendedwe a nanzikambe, nditakolowekeza mkono mwa alamu ngati mkwatibwi. Agogo ena a ndodo anatipitirira, n'kutipatsa moni.

Pamwamba pali katchalitchi ka Maria. Wansembe wamkulu anadalitsa buledi, napemphera. Ine maso kufunafuna utsi. Ndiye kunatuluka chikho chasiliva cha m'zaka za m'ma 1500, chodzaza vinyo. Wansembe anakweza chikho, gwa! A meya nawo, gwa! Anthu m'manja phwaphwaphwa.

"Nsomba zifika nthawi yanji, alamu?"

"Si zimenezo amezazo."

Inde. Nthawi imeneyo m'chikhomo ankaponyamo kansomba kamoyo, kochepa kuposa katemba, ndipo kankatsika kukhosi kakupirikita. Ankameza ndi akuluakulu okha. Omenyera ufulu wa nyama ankalimbana nawo mwambowu, ndipo tsiku limenelo ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse, ngakhale chifukwa changa chinali china.

"Nanga moto?"

"Usiku."

"Nsomba zina zilipo?"

"Ndi zomwezo, alamu."

Kunatsala buledi. Ma krakelingen ndi timabuledi tobowola pakati ngati nkhata, tokwana m'chikhatho. Amaponya 10,000 kuchokera pamwamba, ndipo kamodzi kokha kali ndi kapepala kopatira mphoto yagolide imene amasula chaka chimenecho. Alamu anandilangiza bwinobwino: osaima kutsogolo kwenikweni chifukwa buledi amadutsa pamutu, phazi lina kumtunda lina kumunsi, manja m'mwamba koma mapazi asachoke pansi, ndipo osabwerera m'mbuyo maso ali kumwamba. Ndinavomera zonse. Awiri oyamba ndinawakha ndili chiimire, n'kuwakankhira m'thumba lakumanzere. Wachitatu anabwera motalikira pang'ono, njala n'kundinong'oneza kuti lumpha.

Kukwera kunayenda bwino. Potera, udzu wonyowa unakana nsapato zija. Ndinagwa chammbali, khu, n'kuyamba ulendo wotsetsereka, kudutsa pakati pa miyendo ya anthu, mpaka kukaima pa majombo a bambo wina wachikulire wa magalasi. Anandidzutsa ngati thumba la chimanga. Pofuna kubisa manyazi ndinapisa m'thumba n'kutulutsa buledi wanga. Pabowo lake panali patatulukira kapepala koyera.

Abale, mawu amene anatuluka pakamwa panga sindinkadziwa kuti ndili nawo. "Ndapata! Golide! Alamu, golide!" Chichewa sanamve koma kapepala anakaona. Anthu anandizungulira, ena kundisisita paphewa, wina kujambula ndi foni. M'mutu ndinali nditagula kale malata. Bambo aja analandira kapepalako, nakonza magalasi, n'kuwerenga modekha, alamu akumasulira misozi ili mbwembwembwe chifukwa cha phwete:

"Akuti, mwana wanga, apa alemba mattentaart ziwiri. Akuti mwalipira kale."

Kapepala kenikeni, anatero bambowo, kamakhala m'kati mwa buledi, mpaka umunyeme. Sikalendewera pabowo ngati lilime la galu.

Ndinapisa kumanja kuti mwina keke inditonthoze. Ndinapezamo phala: mattentaart, mchere ndi kambuzi zonse zitasinjika pamodzi pamene ndinagwera. Ndinatulutsa dzanja, ndipo posaganiza ndinapukuta nalo matope m'maso. Amene anadyapo kambuzi akudziwa. Misozi, mamina, kubuula. Mayi wina anandigwira dzanja mwachisoni, nandipatsa buledi wake, n'kundiuza kudzera mwa alamu kuti ndisalire chonchi, golide adzakhalaponso chaka chamawa.

Usiku tinakweranso, chifukwa alamu anati wobwera ku Krakelingen osaona Tonnekensbrand wangoononga tikiti ya sitima. Amayatsa mgolo wathabwa pamwamba pa phiri potsanzikana ndi chisanu, anthu n'kuyatsirapo miuni yawo, kutsika nayo m'tauni mzere wautali wa malawi. Ndi kukongola kumeneku bungwe la UNESCO linaika mwambowu pa mndandanda wake wa miyambo yofunika kusungidwa mu 2010. Ndinauyang'ana ndi diso limodzi limene linali litatseguka. Moto wabwino zedi, wokwanira chambo dengu lonse, ukungoyaka wopanda ntchito.

Potsika ndinavula nsapato n'kuzinyamula kumanja, muuni kumanzere, masokosi akugwira miyala bwino kuposa nsapato za ndalama zambiri zija. Titafika pa mlatho wa Dender alamu anaima, nasuzumira m'madzi, n'kunditembenukira nkhope ili gwa.

"Alamu, moto muli nawo m'manja, mtsinje ndi uwu. Mchere watsalako?"