Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 3: Shamva, Kumene Kunakwiriridwa Mchombo Wanga

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe agogo anga aamuna anatuluka m'mudzi mwathu ku Ntcheu mu 1926, ali mnyamata wosakwatira, atanyamula mphasa ndi kamba wa ufa. Chinawachotsa pakhomo ndi msonkho. Boma la Nyasaland linkafuna ndalama pa nyumba iliyonse, pomwe kumudzi munthu ankatha chaka osagwirapo ndi shileni yomwe. Iwo ndi anzawo anayenda pansi kudzera ku Tete, anawoloka Zambezi pa bwato, n'kupitiriza ulendo milungu ingapo, usiku akugona mozungulira moto poopa mikango. Kumudzi anthu ankangoti apita ku Halale. Koma ku Halale kwenikweniko sanakafikeko. Anaima ku Shamva, ndipo uko ndi kumene bambo anga anabadwira, inenso n'kubadwira komweko mu 1978.

Ndisanapitirize za ine, ndiloleni ndifotokoze za deralo, chifukwa simungandimvetse osalidziwa.

Shamva ali m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, pafupifupi makilomita 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, kum'mawa kwa Bindura. Ndi dera la mapiri amiyala ndi zigwa za dothi lofiira, lonona, ndipo mtsinje wa Mazowe umadutsa momwemo pa ulendo wake wopita ku Mozambique. Golide wa m'chigwa chimenechi sanamutulukire ndi azungu ayi. Kalekale, m'nthawi ya ufumu wa Mutapa, Ashona ankamusefa m'mitsinje n'kumasinthanitsa ndi nsalu ndi mikanda kwa Aswahili, kenako kwa Apwitikizi. Azungu a kampani ya Cecil Rhodes atalowa m'dzikomo mu 1890, ankangolondola maenje akale a eni dziko n'kuzikapo zikhomo zawo. Katawuni komwe anamanga anakatcha Abercorn, koma poti ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero) kunalinso Abercorn wina, yemwe lero ndi Mbala, dzinalo linasinthidwa kukhala Shamva. Njanji yochokera ku Salisbury, yemwe lero ndi Harare, inafika mu 1913, ndipo mgodi wa pa phiri unakula mpaka kukhala umodzi mwa migodi ikuluikulu ya golide m'dzikomo.

Funso lomwe mabuku a kusukulu sanatiyankhe ndi ili: ankakumba ndani? Ashona ambiri anali ndi minda yawo ndi ng'ombe zawo, ndipo ntchito ya pansi pa nthaka sankaifuna malinga ngati akanatha kugulitsa chimanga n'kupeza msonkho. Amene anadzaza makomboni anali anthu ochokera kutali: a ku Nyasaland, a ku Mozambique, a ku Northern Rhodesia. Ena anabwera ndi bungwe lolemba anthu ntchito lomwe linakhazikitsidwa mu 1903, lomwe anthu analitcha chibalo chifukwa ukasaina sunkasankha kopita kapena tsiku lochoka. Ena, monga agogo, anadziyendera okha kuti apewe chibalocho.

Agogo anali ndi kabokosi kachitini komwe ankasunga pansi pa bedi. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi anakatsegula ine ndikuona, tsiku lina mvula ikugwa, tonse awiri tili m'nyumba. Munali chitupa chawo chakale, chopindapinda, chong'ambika m'mizere, chokhala ndi chidindo cha chala chawo chachikulu. Munalinso tikiti imodzi ya ntchito. Anandionetsa timabokosi take ndi chala chawo chokhota chija, n'kunena kuti mwezi wa pamgodi sunali wa pakalendala. Mwezi unkatha ukakwanitsa masiku 30 olembedwa pa tikiti. Ukadwala, kapena kapitawo akaona kuti dzenje lomwe waboola silinafike pomwe iye akufuna, tsikulo silinkawerengedwa.

"Agogo, ndiye mukadwala mumadya chiyani?"

"Phoso, mdzukulu wanga. Ufa, nyemba pang'ono, mchere. Koma ndalama ayi."

Anali atangotha chaka pamalopo pomwe kunabuka sitalaka ya mu Seputembala 1927. Anthu pafupifupi 3,500 anakana kulowa mumgodi, ndipo otsogolera ambiri anali a ku Nyasaland, anthu oti anaphunzirako ku mishoni ndipo ankadziwa kuti migodi ina ikulipira bwino kuposa pamenepo. Patatha masiku angapo boma linatumiza apolisi, ntchito inayambiranso, ndipo atsogoleriwo anawathamangitsa m'dzikomo. Agogo sanali mtsogoleri. Iwo ankati chomwe sanaiwale ndi bata: makina ophwanya miyala omwe ankagunda usana ndi usiku anangoti zii, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni anamva njiwa zikulira m'phiri. Ndakula ndikumva anthu akunena kuti Mmalawi ndi wogona, amangoti inde bwana. Ine ndikamva zimenezo mtima umawawa. Imodzi mwa sitalaka zikuluzikulu zoyambirira za anthu akuda m'dziko la Rhodesia anaikonza ndi anthu a kwathu, m'chinenero chathu, m'komboni usiku.

Mgodi waukuluwo unaima cha m'ma 1930, ngakhale unadzatsegulidwanso pambuyo pake. Agogo anayendayenda m'timigodi ting'onoting'ono mpaka chifuwa chinawakanika, ndipo anakalowa ntchito pa famu ina m'chigwa. Umu ndi momwe moyo wa deralo unkayendera: mtengo wa golide ukatsika anthu ankathamangira kumunda, fodya akalephera ankabwerera kudzenje. Lamulo logawa malo la 1930 linapereka dothi labwino kwa azungu, eni dziko n'kuwakankhira ku Madziwa ndi ku Bushu, kumchenga ndi kumiyala. Ife obwera tinalibe kwathu konse. Tinali a pakomboni. Chimanga, thonje, fodya, soya, tirigu wothirira nthawi yozizira, zonsezo zinadutsa m'manja mwa agogo, mwa bambo ndi mwa amayi, koma ngakhale ndime imodzi sinalembedwe m'dzina lathu.

Agogo sanabwererenso ku Ntcheu. Poyamba ankati apita akagula njinga ndi makina osokera. Njinga anagula. Kenako anakwatira mwana wa mnzawo wa ku Dedza, ana anabadwa, makalata anasiya kubwera, manyazi obwerera chimanjamanja anakula. Kumudzi anawalemba m'gulu la matchona.

Za nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe ndimangomva kwa amayi. Mu 1974 boma la Ian Smith linasonkhanitsa anthu a ku Madziwa m'midzi yotchingidwa ndi waya, ndipo pa famu anthu ankakhala pakati pa moto uwiri: masana asilikali, usiku anyamata a m'tchire, onse akufunsa kuti uli mbali iti. Amayi ankaphika nsima ya madzulo dzuwa lisanalowe, kuti utsi usaitane munthu.

Koma musaganize kuti ubwana wanga unali misozi yokhayokha. Komboni yathu inali Malawi wamng'ono. Tinkalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chishona, mapemphero Lamulungu anali m'Chinyanja, Ayao anali ndi mzikiti wawo wofolera ndi udzu, ndipo panali bungwe la maliro lomwe aliyense ankasonkhako mwezi ndi mwezi kuti mlendo asaikidwe ngati galu. Fodya akatha kugulitsidwa ng'oma zinkalira, gule wamkulu n'kutuluka kuchokera kumanda, fumbi kobo! Ana a Chishona ankathawa akukuwa kuti zvigure, ife tikuwomba m'manja monyadira. Kusukulu ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaiona Blantyre ndi maso.

Agogo anamwalira mu 1989, akutsokomola monga ankachitira zaka zonse zomwe ndinawadziwa. Tinawaika pansi pa mtengo wa msasa, kuseri kwa zigafa.

Mu 2000 kulanda mafamu kunayamba. Sindikutsutsa kuti malowo anali olandidwa kale kwa eni ake, ndipo mbiri ndaifotokoza ndekha pamwambapa. Chomwe chimandipweteka n'chakuti pogawa, ife sitinawerengedwe. Chitupa changa chinali ndi chizindikiro chakuti ndine mlendo, ine wobadwira pomwepo, mwana wa munthu wobadwira pomwepo. Lamulo la unzika la 2001 linawonjezera mavuto, ndipo zinthu zinadzayamba kusintha ndi malamulo atsopano a dziko a 2013, ife titachoka kale. Anzanga omwe anatsala ambiri anasanduka makorokoza, okumba golide ndi manja m'mphepete mwa Mazowe, mofanana ndi momwe Ashona akale ankachitira azungu asanabwere, kungoti tsopano ndi mekyule, mankhwala ogwirira golide, m'chikhatho.

Ndinabwererako kamodzi, mu 2016. Zigafa zinali zitagumuka, komboni kulibe, ndipo pomwe panali manda panali maenje ndi milu ya dothi lofiira. Msasa uja unalipo. Mnyamata wina anatuluka m'dzenje, tochi itamangidwa pamphumi, thupi lonse matope. Ndinamupatsa moni m'Chishona, iye anandiyang'anitsitsa n'kundiyankha kuti, "Tili bwino, kaya inu achimwene?" Agogo ake anali a ku Mangochi. Tinathandizana kuunjika miyala patsinde pa mtengowo.

Kabokosi kachitini kaja ndili nako kuno. M'gawo lotsatira ndifotokoza momwe ndinakanyamulira pa basi kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, ndi zomwe ndinapeza nditafika ku Ntcheu n'kutchula dzina la agogo kwa amfumu.