Mmene ndinapezera zaka za njere za mapira

Njerezo zinali zisanu ndi ziwiri, zopserera, zakuda bii, ndipo tinazipeza m'phulusa pakati pa mafuwa akale. Sindinazigwire ndi manja. Ndinazitola ndi kapani n'kuzikulunga m'foyilo. Pofuna kudziwa zaka za mudzi wakalewo, ndinasiya dala makala a nkhuni, chifukwa mapira amakula nyengo imodzi pomwe mtengo umatha kukhala zaka mazana usanadulidwe. Ku Great Zimbabwe, mzinda wakale wa makoma amiyala, zinachitikapo: mitengo ya m'khoma imene inayezedwa m'ma 1950 inaonetsa zaka zakale kuposa khomalo.

Chilolezo ndinatenga ku National Museums and Monuments of Zimbabwe, njerezo n'kupita ku labotale kunja kuti akayeze carbon-14, kaboni amene mbewu imakoka mumpweya ili moyo, amene amayamba kuchepa ikafa. Patatha miyezi inabwera nambala yokhala ndi BP kumapeto, kutanthauza zaka zowerengera chammbuyo kuchokera 1950. Nambalayi si chaka cha pakalendala ayi. Theka la carbon-14 limatha pa zaka 5,730, koma kuchuluka kwake mumlengalenga kwakhala kukusinthasintha, choncho timayerekeza ndi mitengo yodziwika zaka zake.

Ndili kwathu ku Mufakose, ku Harare, ndinalowetsa nambalayo mu OxCal, pulogalamu ya pakompyuta yosandutsa nambala zotere kukhala zaka za pakalendala, zaka n'kutuluka. M'mawa mwake aphunzitsi anga atangoyang'ana anati, “Mwayeza ndi mpweya wa ku Ulaya inu.” Mu pulogalamuyo ndinali nditagwiritsa ntchito IntCal20, muyeso wa kumpoto kwa dziko lapansi, m'malo mosankha SHCal20, muyeso wa kum'mwera wochokera ku mitengo ya kumadera monga New Zealand, Tasmania ndi Chile.

Apa ndi pamene pali nkhani. Kum'mwera kuno nyanja ndi yaikulu, ndipo madzi akuya ozungulira Antarctica akakwera pamwamba amatulutsa mpweya wakalekale, wochepa carbon-14. Mbewu zathu zikaukoka, zimaoneka zakale ndi zaka pafupifupi 40. Wina anganene kuti n'zochepa, koma ameneyo ndi m'badwo wathunthu, wokwanira kusokoneza kuti mudzi unayamba ndi uti.

Madzulo ndikufotokoza, agogo, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata, anaika kapu ya tiyi pansi. “Mdzukulu wanga, nanga mphepo ya mvula ija sichokera kumpoto?” Anafunsa zenizeni. Nthawi ya dzinja, mapira akamakula, mpweya wa kumpoto umafika m'madera ngati athu, n'chifukwa chake akatswiri ena amasakaniza miyeso iwiriyi.

Ndinayezanso ndi SHCal20, zaka zinasunthira chakuno. Ndinayesanso wosakaniza uja, ndipo mu lipoti ndinalemba zonse ziwiri, chilichonse ndi dzina la muyeso wake pambali.