Mphwayi za mumtima ndi anzathu amene amatigogodera pakhomo

M'chipululu cha ku Ejipito mudali mmonke wina dzina lake Evagrius, amene adamwalira m'chaka cha 399, ndipo iyeyu adalemba za maganizo oipa asanu ndi atatu amene amasautsa munthu wofuna kupemphera. Pa onsewo, iye ankaona kuti cholemetsa kwambiri ndi ulesi wa mzimu, umene ankautcha chiwanda cha masana potengera Salimo 91, pamene pamanenedwa za chionongeko chosakaza anthu dzuwa lili paliwombo. Adafotokoza kuti mmonke wogwidwa ndi chiwandachi amaona ngati dzuwa laima, amasuzumira pazenera kawirikawiri kuti aone ngati kukubwera munthu, amayamba kuipidwa ndi malo amene akukhala, ndipo amadziuza kuti akadakhala kwina akadatumikira Mulungu bwino. Papa Gregory Wamkulu, amene adatsogolera Mpingo kuyambira mu 590 mpaka mu 604, adakonzanso mndandandawo kukhala wa machimo asanu ndi awiri, ndipo pambuyo pake Tomasi Woyera wa ku Aquino adaphunzitsa kuti ulesi umenewu ndi chisoni chimene munthu amamva pa zabwino za Mulungu, zimene zikadayenera kumukondweretsa.

Ambiri a ife tidaloweza machimo amenewa pa katekisimu tili ana, ndipo tinkaganiza kuti waulesi ndi uja wogona pamphasa anzake ali kumunda. Muno mu Lilongwe ulesi wa mzimu suoneka choncho, chifukwa kawirikawiri umagwira munthu wotanganidwa kwambiri. Iye amalawirira m'bandakucha kukakwera minibasi ku Area 25, amagwira ntchito mpaka madzulo, Loweruka ali ku maliro kapena ku ukwati, ndipo mwinanso ndi mlembi wa komiti ina ku parishi. Lamulungu salephera kupita ku Misa, koma akangolandira Ukaristia, kamphindi kachete kaja kamamutalikira, mwakuti dzanja limapita lokha m'thumba kukafufuza foni. Korona yake, mikanda ija yopempherera, ili m'chikwama, ndipo iye amadziwa bwino kuti ili momwemo, kungoti nthawi iliyonse akaikumbukira mumtima mumabwera kulemera kosadziwika bwino, ndipo amati adzayamba bwino pa Lenti. Ine matendawa ndimawadziwa chifukwa adandigwirapo kwa nthawi yaitali, ndipo palibe amene akadandiloza chala, popeza mpando wanga m'tchalitchi sunkakhala wopanda munthu.

Pa nkhani ya pemphero, malangizo amene adandithandiza koposa ndi a Ignasio Woyera wa ku Loyola, amene adayambitsa chipani cha Ajezwiti. Iye adati munthu akakhala mu nthawi ya kuuma kwa mzimu asasinthe chimene adatsimikiza pamene mtima wake udali pa mtendere, ndipo ngati akumva kuti afupikitse nthawi ya pemphero, ndi bwino aiwonjezereko pang'ono. Poyamba malangizowa amamveka ouma mtima, koma nzeru yake ndi yakuti mtima wa mphwayi sungakhale woweruza wabwino pa mlandu wa pemphero. Munthu akamadikira kuti amve chilakolako ndipo apemphere, adzadikira mpaka tsitsi litachita imvi. Choncho ndidasankha chinthu chaching'ono chimene sindikadapeza chifukwa chochikanira: kuwerenga Mthenga Wabwino wa tsikulo ndisanatsegule foni, kenako kukhala chete kwa mphindi khumi, ngakhale maganizo atakhala kuti akuthamangira ku lendi ya nyumba ndi fizi ya ana. Masiku ambiri sindinkamva chilichonse, ndipo ndidalimba mtima nditadziwa kuti Tereza Woyera wa ku Avila, amene Mpingo udamutcha mphunzitsi wake mu 1970, adavutika ndi pemphero kwa zaka pafupifupi 20, nthawi zina akungomvetsera kuti ola litha liti.

Komabe ndikadakhala ndekha sindikadapitirira, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhazikikapo. Tereza yemweyo ankalangiza oyamba kupemphera kuti afunefune ubwenzi ndi ena amene akuyenda njira yomweyo. Ife Akatolika a kuno tili ndi mwayi umene mwina sitiuona kukula kwake, chifukwa maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a m'maiko a kum'mawa kwa Africa, adagwirizana m'zaka za m'ma 1970 kuti miphakati, timagulu ta akhristu oyandikana nyumba, ikhale maziko a moyo wa Mpingo, ndipo Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala episkopi wa Lilongwe kuyambira mu 1972, adalimbikira kwambiri pa ntchito imeneyi. Mphakati umachititsa kuti kusowa kwa munthu kuonekere, chinthu chimene sichingatheke pakati pa khamu la anthu odzadza tchalitchi cha ku Maula.

Mumphakati mwathu muli bambo wina wachikulire, wopuma pa ntchito, amene adazindikira kuti ndayamba kujomba ku mapemphero. Iye sadandidzudzule kapena kundiwerengera mavesi. Tsiku la mphakati ankangofika pageti, buku la nyimbo long'ambika chikuto lili kukhwapa, n'kunena kuti, "Odi kuno! Achimwene, ndati ndikudzereni, poti lero tikukumana kutali ndipo maso angawa saona bwino kukada." Ndinkadziwa kuti njirayo ankaidziwa kuposa ine, koma kumukana munthu wamkulu ataima pakhomo n'kovuta, choncho ndinkavala nsapato n'kumutsatira. Panjira tinkakamba za mtengo wa feteleza ndi za mpira, ndipo tsiku lina ndili mkati modandaula kuti pemphero landiumira, iye adangoti, "Inenso zimandichitikira, bambo, koma ndimapitabe, tiyeni tizipitira limodzi." Akuluakulu adati kuyenda awiri si mantha, ndipo a Lejio ya Maria, bungwe limene lidayamba ku Dublin mu 1921, amadziwa chifukwa chake amayendera anthu awiriawiri.

Ndikamawerenga za munthu wofa ziwalo uja mu chaputala chachiwiri cha Mthenga Wabwino wa Marko, chimene chimandikhudza n'chakuti Yesu adaona chikhulupiriro cha anthu anayi amene adamunyamula n'kusasula denga. Wodwalayo sadanene kanthu, ndipo sitiuzidwa ngati iye mwini adali ndi chiyembekezo. Pali nyengo zina pamene mkhristu amafika kwa Ambuye atanyamulidwa ndi chikhulupiriro cha ena, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Sindikunena kuti ubwenzi uliwonse wa kutchalitchi umachiza mphwayi. Pali miphakati ina kumene kugawana Mawu a Mulungu kumatenga kanthawi kochepa, pamene nkhani ya zopereka, yunifolomu ndi amene sadasonkhe imatenga madzulo onse, ndipo munthu wofooka kale akafika kumeneko amabwerako atatopa kuposa mmene adapitira. Palinso magulu a pa WhatsApp amene amadzadza ndi zithunzi za mapemphero m'mawa uliwonse, koma wina akasowa mwezi wathunthu palibe amene amamuimbira foni. Pa msonkhano wathu wapitawu tidagwirizana kuti nkhani za ndalama zizikambidwa kamodzi pa mwezi, ndiponso kuti amene wajomba kawiri motsatizana aziyenderedwa ndi anthu awiri oyandikana naye nyumba, amene sadzanyamula kope la zopereka popita kumeneko.