Usiku umene ndinaonetsa anthu mwezi wachiwiri

Popeza kanema uja wa ine ndikuonetsa anthu mwezi wachiwiri wafika kale m'mafoni mwanu, ndipo ena mwa inu mwayamba kundipatsa moni mukuloza kumwamba, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha zimene zinachitika usiku wa pa 27 August, chifukwa amene akufalitsa nkhaniyi akusiya dala mbali zonse zosonyeza kuti ndinayendetsa zinthu mwadongosolo.

Uthenga umene ndinalandira sunali wachibwana. Unanena kuti pa tsikulo, nthawi ya 12:30 usiku, pulaneti ya Mars idzayandikira dziko lapansi kwambiri moti idzaoneka yaikulu ngati mwezi wathunthu, ndipo kumwamba kudzakhala miyezi iwiri. Unatchula mtunda wa makilomita pafupifupi 56 miliyoni, n'kuwonjezera kuti zoterezi sizidzachitikanso mpaka chaka cha 2287. Ine ndine amene ndakhala ndikulangiza abale pa gulu lathu la WhatsApp kuti nkhani yabodza imadziwika ndi zilembo zolakwika komanso malonjezo a ndalama zaulere, ndipo ndine ndemwe amene ndinakana chithunzi chija cha Papa Francis atavala jekete loyera lofufuma, chimene chinapangidwa pakompyuta mu March 2023. Koma uthenga uwu sunapemphe ndalama, unali ndi manambala, ndipo ndinkakhulupirira kuti munthu wabodza alibe nthawi yowerengera makilomita.

Pamwamba pa uthengawo panali timivi tiwiri ndi mawu osonyeza kuti watumizidwa kambirimbiri. Tsopano ndauzidwa kuti WhatsApp imaika chizindikirochi pa uthenga umene wapatsiranidwa motsatizana kasanu kapena kuposerapo, pofuna kuchenjeza kuti amene wakutumizirayo si mwini wake. Ine ndinachiona ngati umboni wakuti anthu ambiri ausanthula ndipo agwirizana nawo. Foni itakana kuti ndiutumize kumagulu angapo nthawi imodzi, limene ndi lamulo la WhatsApp kuyambira mu 2020 pa mauthenga otere, ndinaganiza kuti foni yakalamba, choncho ndinautumiza gulu limodzilimodzi moleza mtima mpaka onse anakwana. Ndinafufuzanso pa Google, ndipo ndikufuna kuti mfundo imeneyi ilembedwe. Panatuluka masamba ambirimbiri otchula Mars, mwezi, 27 August ngakhalenso NASA, bungwe la ku America lofufuza zakuthambo. Sindinatsegule ngakhale limodzi chifukwa kuchuluka kwawo kunandikwanira.

Usikuwo ndinatulutsa mipando yonse pabwalo, ndinadzutsa ana, ndinaitana oyandikana nawo nyumba, ndipo apongozi anga aakazi anatuluka atafunda bulangete akunena kuti sangagone pa tsiku limene silidzabweranso. Nthawi itakwana, tonse tinakweza nkhope. Mwezi unalipo umodzi, womwe uja wa masiku onse. Ndinauza anthu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, komanso kuti uthengawo sunanene kuti 12:30 yake ndi ya dziko liti. Makosi atayamba kuwawa ndipo ana atayamba kung'ung'udza, mwadzidzidzi pamwamba pa mitengo panaoneka chinthu chozungulira, chowala, chofiirira.

Ndinakwera pampando n'kufuula kuti, “Iyo Mars, abale anga, iyo!” Anthu anaomba m'manja. Apongozi anayamba kuthokoza Mulungu kuti wawasunga kufikira usiku umenewu, ndipo bambo wina woyandikana nafe anavula chipewa. Ndili pampando pomwepo ndinaphunzitsa kuti kufiirako kumabwera chifukwa dothi la ku Mars lili ndi dzimbiri la chitsulo, zimene ndi zoona ndipo palibe amene wanditsutsa mpaka lero. Kenako mwana wina anafunsa za timadontho timene tinkazungulira kuwalako. Ndinayang'anitsitsa, ndinatsokomola pang'ono monga amachitira anthu ophunzira, n'kulengeza kuti imeneyo ndi miyezi ya Mars, Phobos ndi Deimos. Mwanayo atanena kuti akuona timadontho toposa khumi, ndinayankha kuti asayansi amatulukira zatsopano tsiku lililonse, ndipo n'kutheka kuti banja lathu layamba kuona zimene iwo sanazione. Ndinalamula kuti aliyense akhale chete kwa mphindi imodzi polemekeza chilengedwe, ndipo tinakhaladi chete, akulu ndi ana omwe, pakamwa pali yasa, tikuyang'ana tizilombo touluka.

Mars inathima. Patapita kanthawi inayakanso, kenako inathimanso. Ndinayesa kunena za mtambo, ngakhale kuti kumwamba kunali kopanda mtambo uliwonse, koma mawu anga anamezedwa ndi kulira kwa chitseko kutsidya kwa mitengo ija. Mwamuna wina anafuula kufunsa ngati kwagwa zovuta, chifukwa phokoso lathu linamuchititsa kuganiza kuti kwabwera akuba, n'chifukwa chake anayatsa babu limene anamangirira pamwamba pa thanki yake ya madzi.

Pamenepo mwana wa mlongo wanga, amene anakhala phee usiku wonse, anandiyandikira ndi foni n'kunena mwaulemu wopweteka kuti, “Amalume, kodi munaona kuti uthengawu ndi wa chaka chiti?” Anatsegula masamba omwe aja ndinawapeza ine, n'kuyamba kuwerenga mokweza pamaso pa apongozi. Onse anali otsutsa nkhaniyo, kuphatikizapo a NASA. Zoona zake n'zakuti pa 27 August 2003 Mars inafikadi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 56 miliyoni, kuyandikira kumene kunali kusanachitike kwa zaka pafupifupi 60,000. Imelo imene inkazungulira chaka chimenecho inanena kuti munthu akayang'ana pa telesikopu yokulitsa zinthu maulendo 75, Mars idzaoneka ngati mmene mwezi umaonekera ndi maso chabe. Pamene anthu ankapatsirana uthengawo, mawu onena za telesikopu anasochera panjira, chaka sichinatchulidwe, ndipo kuyambira pamenepo uthengawo umadzuka August aliyense ngati watsopano. Mtsikanayo anawonjezera kuti mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000 okha, ndipo Mars ndi yotambalala pafupifupi kawiri kuposa mwezi, choncho kuti zioneke zofanana iyenera kufika pafupi kuposa makilomita miliyoni imodzi. Nambala imene inandikopa ija ndi imene inkatsutsa uthenga wonse, ndipo inali pamaso panga kuyambira m'mawa.

Ndikupempha kuti muone bwinobwino mlandu wanga. Tsiku linali loona, mtunda unali woona, ndipo pulaneti yotchedwa Mars ilipodi. Chimene chinachitika n'chakuti ndinachedwa ndi zaka zoposa 20 ndipo ndinalibe telesikopu, zinthu zimene zingagwere munthu aliyense wolemekezeka. Komanso pabwalo paja panali anthu ophunzira kuposa ine, aliyense ali ndi foni m'manja, ndipo palibe amene anafunsa kuti uthengawo analemba ndani kapena unalembedwa liti. Onse anadikira kuti babu lithime ndipo kenako anakhala akatswiri a zakuthambo.

M'mawa mwake ndinafufuta uthengawo m'magulu onse, koma kufufutako kumasiya mawu osonyeza kuti pali chimene chafufutidwa, ndipo zimenezi zinangokumbutsa amene anali ataiwala. Ndinalemba kalata yaitali yokonza nkhaniyo, yokhala ndi chaka, telesikopu ndi makilomita onse, ndipo amene anayankha ndi mlamu wanga yekha, amene anatumiza chithunzi cha babu.

Chimene chikundiwawa ndi kanemayo. Amene anajambula anadula poyambira pamene aliyense akuomba m'manja, anadulanso pamene iye mwini akumveka akunena kuti akuona mapiri a ku Mars, n'kusiya ine ndekha ndili pampando ndikutchula Phobos ndi Deimos. Kumeneko ndi kuchotsa mzere wa telesikopu komwe kuja, ndipo inu amene mukundiseka mwautumiza osafunsa chimene chinadulidwa. Dzulo kanemayo wandifika kuchokera kwa munthu amene sindinalankhule naye kwa zaka zambiri, ali ndi timivi tiwiri pamwamba, ndipo pansi pake wina walemba kuti ndine mphunzitsi wa sayansi, pomwe sindinaphunzitsepo kalasi iliyonse.

Ndamva kuti mwini thanki uja wasintha babu n'kuikapo loyera. Sanandiuze chifukwa chake, ndipo mipando iwiri imene inapita ndi anthu usiku uja sinabwererebe.