Zowola zinali pansi pa khonde

Foni inalira Lamlungu madzulo. Anali a manijala a loji ina ya ku Senga Bay, akuti mlendo wina phazi lamulowa m'thabwa pakhonde loyang'ana kunyanja, mwamwayi wangosupuka pang'ono. Iwo anali atawerenga kale: matabwa asanu ndi atatu, ntchito ya masiku awiri. Chowathamangitsa chinali ukwati wa Loweruka, wa anthu ochokera ku Lilongwe amene anali atalipira kale kuti madyerero achitikire pakhonde pomwepo. Lolemba m'mamawa ndinalongedza zida, ndinatenga mwana wa mlongo wanga amene ndikumuphunzitsa ukalipentala, ulendo wa kunyanja.

Titafika sindinayambe ndi matabwa amene anandilozera. Ndinavula shati n'kukwawira kunsi, tochi kudzanja ili, sikuludiraiva kudzanja linali. Thabwa lapamwamba limaombedwa ndi dzuwa ndi mphepo, likanyowa limauma. Mtanda umene walinyamula ndiwo umakhala mumdima, ndipo madzi olowera m'mabowo a misomali amathera mwa iwo. Chuku chowoletsa mtengo chimafuna chinyezi chosatha. Mtengo umene chinyezi chake chili pansi pa 20 peresenti suwola ngakhale papite zaka. Kunsi kuja kunkanunkha ngati nkhokwe yodontha. Nyanja itadzaza kwambiri mu 2024, madzi anafika pansi pa khondeli, ndipo pobwerera anasiya mchenga wounjikana mpaka kukhudza mitanda ya mbali ya kunyanja. Palibe amene anauchotsa. Pamwamba napo wina anapaka penti wokhuthala amene anatseka mipata ya pakati pa matabwa, moti madzi a mvula ndi okolopera analibe potulukira.

Ndinkabaya mtanda uliwonse pamene pakhala thabwa. Wabwino umakana, nsonga imangosiya kachidindo. Wowola umameza chitsulo ngati mbatata yophika. Mnyamata uja ali pamwamba ankagogoda thabwa lililonse ndi hamala, lolira mogonthera n'kulilemba ndi choko. Pofika masana tinali ndi matabwa 23, mitanda isanu, ndi nsanamira ziwiri zimene chiswe chinadya mkati n'kusiya khungu lokha.

A manijala nkhope inagwa. "Amisiri, tangosinthani apamwambawa, zapansizo tidzaona ukwati ukatha." Ndinawamvetsa, ndalama si zawo, ayenera kukafotokoza kwa eni ake. Koma msomali wokhomera pamtanda wowola sugwira kanthu, ndipo pa perekaniperekani anthu sayenda mmodzimmodzi, amaunjikana malo amodzi n'kumavina. Sindinatalikitse mkangano. Ndinawapatsa sikuludiraiva kuti abaye okha mtanda wachitatu kuchokera kumasitepe. Inalowa mpaka chigwiriro. Anaimbira eni ake ali chogwada pamchenga pomwepo.

Lachiwiri lonse linathera pogula matabwa, ntchito imene imanditopetsa kuposa kukhoma. Paini wambiri amene timagwiritsa ntchito amachokera ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene inabzalidwa kuti idzadyetse fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe. Mitengo ikuluikulu kumeneko inachepa ndi kudula komanso moto, ndiye ambiri ofika kumsika ndi anthete, ochekedwa dzana, olemera ndi madzi. Thabwa lotero ukalikhoma lero, mwezi wamawa lafota, lapindika ngati bwato n'kudzizulira lokha msomali. Ndimalinyamula kuti ndimve kulemera kwake, ndimalisuzumira cham'mbali ndi diso limodzi, ndimakana la mfundo zikuluzikulu m'mphepete. Ndinagwetsa mulu wonse kuti ndipeze 25, wogulitsa mpaka anayamba kung'ung'udza. Mitanda ndinatenga ya mainchesi 2x6, nsanamira za bulugamu zothiridwa mankhwala kufakitale, zobiriwira zija, ndi masikuluwu osachita dzimbiri m'malo mwa misomali wamba.

Lachitatu tinayamba ndi kuchotsa mchenga ndi fosholo, kenako tinanyamula ngodya ya khonde ndi jeke wa galimoto, n'kuichirikiza ndi mitengo. Nsanamira zakale zinangokwiriridwa mumchenga. Zatsopano tinaziika pa timiyala ta simenti totukuka, n'kuzimanga ndi zitsulo, kuti tsinde lisagone m'chinyontho ndiponso kuti njira ya chiswe izioneka ikangoyamba kukwera.

Pozula matabwa m'pamene ndinazindikira kuti khondeli lili ndi mitengo ya mitundu iwiri. Owoleratu onse anali paini amene anazigambapo zaka zaposachedwa. Akale, amene penti anawabisa, ambiri anali ongong'aluka kumapeto. Ndinati ndidule mapeto a limodzi ndione mkati. Sowo itangolowa, fungo linatuluka, ndipo ndinaima.

"Amalume, mwadzicheka?"

"Ayi, tabwera udzanunkhize utuchiwu."

Unali mkungudza wa ku Mulanje. Mnyamatayu ali ndi zaka 19, wagwirapo paini ndi bulugamu basi, fungo limeneli anali asanalimvepo. Ine ndinalimva komaliza ndili wophunzira ngati iye, tikukonza zitseko za nyumba yakale. Mafuta a mtengo umenewu chiswe sichiwafuna, madzi sauwoletsa msanga, n'chifukwa chake akale ankakhomera ngakhale maboti a panyanja pano. Umamera mwachilengedwe paphiri la Mulanje pokha, ndipo mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Lero ikuluikulu inatha paphiripo ndi macheka a anthu odula mobisa. Munthu akakubweretsera thabwa latsopano akuti ndi mkungudza, kaya waba kaya akunama. Ndiye ine ndinali nditagwada pa matabwa amene sindingawagule kulikonse, ena asanu ndi awiri titawalemba kale choko kuti akhale nkhuni za kukhitchini.

Ndinasintha dongosolo pomwepo. Thabwa lililonse la mkungudza tinalizula pang'onopang'ono, kulowetsa chitsulo pafupi ndi msomali ndi kathabwa kotsamira kuti lisaphwanyike. Mbali yowonongeka ndinkaidula nditayeza ndi sikweya, kuti mapeto agwere pakati penipeni pa mtanda. Pamene mtanda unali wopyapyala moti mapeto awiri sangakhalepo bwino, ndinkakhomera kathabwa kena m'mbali mwake kuti lililonse likhale ndi pogona pake. Zolumikiza sindinazilole kuti zindandalike pamzere umodzi, chifukwa mzere wotero umafooketsa khonde komanso umaoneka ngati chigamba cha pabondo. Zimenezi zinatidyera theka la tsiku limene tinalibe. A manijala anabwera kudzafunsa chifukwa chimene tikuvutikira ndi zakale pamene zatsopano zili pomwepo. Ndinawanunkhizitsa nawonso, n'kuwauza kuti paini wangayu ngakhale atasamalidwa bwino adzatha mkungudzawu ukadalipo.

Lachinayi magetsi anazima kuyambira m'mawa, mwera nawo ukuomba mchenga m'maso. Tinabwerera ku sowo ya manja, mabatire a dirilo tikuwasungira poboola pokha. Mapeto onse odula tinkawanyika mu mankhwala oteteza matabwa a Solignum tisanakhome, chifukwa kumapeto ndi kumene thabwa limamwera madzi ngati bango. Pamwamba pa mtanda uliwonse tinayala kampepala kakuda kamene omanga amaika pamaziko a nyumba. Mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire wokoma mtima, anatiuza kuti tingopaka oyilo wakuda wa galimoto, ndi wotchipa ndipo chiswe chimathawa. Ambiri amachitadi zimenezo pamitengo ya denga. Koma pano madontho ake akathera mumchenga, mchengawo nyanja idzautsuka, ndipo chapafupi pomwepo amayi amatsuka mbale, ana amasamba, asodzi amakocheza ndi usipa. Ndinawathokoza, koma oyilo sindinamulole.

Tsiku lomwelo mnyamata wanga analakwitsa. Ndinapita kukaona nsanamira, pobwera ndinapeza wakhoma matabwa anayi mothinana bwinobwino ngati tebulo, akumwetulira poyembekeza kuti ndimuyamikira. Ndinamutengera pa mulu wa zowola zija, ndinamupatsa thabwa limodzi kuti aone m'mbali mwake mmene penti ndi mchenga zinamatirira. Anamasula yekha masikuluwu onse osanena kanthu. Kuyambira pamenepo ankaika msomali wa mainchesi anayi pakati pa matabwa awiri aliwonse, umene umasiya mpata wa mamilimita pafupifupi asanu, ndipo ankayamba waboola asanamange kumapeto kuti thabwa lisang'aluke. Madzulo ndinamuona akuyeza ndi msomali womwewo mipata ya matabwa amene ndinakhoma ine.

Lachisanu tinapala penti yense wakale ndi kutsegula mipata ndi chitsulo chopyapyala. Vanishi ndinakana, chifukwa padzuwa la kunyanja amasweka n'kumasunga madzi kunsi kwake. Tinapaka mafuta olowa m'thabwa, osakaniza ndi kamtundu pang'ono kuti paini woyera asalekane kwambiri ndi mkungudza. Kusiyana kukuonekabe, ndipo ndinawauziratu a manijala kuti dzuwa la miyezi ingapo ndilo lidzafananize.

Loweruka m'mawa, okongoletsa malo akutsitsa mipando, tinaitana ogwira ntchito onse a pa loji, anthu khumi ndi awiri, kuti aime pangodya ija n'kudumpha pamodzi. Ine ndinali kunsi, dzanja lili pamtanda. Sunasunthe. Ndinawasonyeza mayi wosesa pakhondepo kawaya kokolowola kochotsera mchenga m'mipata sabata iliyonse, ndipo a manijala ndinawalembera papepala mitanda ina inayi ya mbali ya kumtunda imene yayamba kufewa, kuti tidzaisinthe mu Okutobala mvula isanagwe. Zidutswa za mkungudza zimene tinadula ndinazipempha. Mnyamata wanga anazimanga ndi chingwe n'kuzinyamula pamiyendo mpaka ku Salima, akuti akufuna kupangira mayi ake kabokosi.