Loweruka: ulendo wokazula kakombo kwa agogo

Lero ndimati ndigone mpaka dzuwa litakwera koma alamu anga anaimba foni 6 koloko isanakwane, ati dzukani mundiperekeze. Nkhani yake ndi kadziwe ka simenti kamene amanga kuseri kwa nyumba yawo kuno ku Kasungu, madzi anathira kale, chatsala ndi maluwa basi. Anaona pa Facebook munthu wina wa ku Lilongwe akugulitsa maluwa a m'madzi apinki, ati ochokera kunja, ndiye atanditchulira mtengo wa kamphika kamodzi ine ndinangoseka. Ndinawauza kuti kwa agogo mbali ya ku Santhe kakombo wangodzaza m'mathamanda, palibe amamuyang'ana n'komwe.

Tinanyamuka pa njinga yamoto ndi ndowa ziwiri ndi khasu. Pamsewu malole a mabelo a fodya opita ku Chinkhoma okhaokha, fumbi ndiye musanene.

Agogo tinawapeza akuswa mtedza pakhonde. Atamva chomwe tabwerera anandiyang'ana kaye nthawi ndithu kenako amvekere, "Amunanga, petulo yense uja mwaotchera zomera za achule?" Kkkk. Koma anatipatsa kamnyamata kotiperekeza, n'kutichenjeza kuti tisachedwe m'madzimo, muli likodzo. Ndipo sananame, titatembenuza masamba tinapeza tinkhono tating'ono titamatirira kunsi kwake, ndi mmene timakonda pobisala timeneti.

Tinafika kudambo cha m'ma 9 ndipo maluwa anali atatsegula onse, abuluu otuwirako kunsonga, pakati pachikasu. Tsamba lake ndi lozungulira, long'ambika mbali imodzi mpaka pakati, pamwamba posalala moti dontho la madzi limangogubuduka osanyowetsa. Timabowo topumira ta zomera zambiri timachuluka kunsi kwa tsamba, koma kakombo ali nato pamwamba poti kunsiko ndi madzi. Ndinathyola phesi limodzi, mbali ina kuviika m'madzi ine n'kuuzira mbali inayo, thovu bwibwibwi, kamnyamata kaja kuseka mpaka kukhala pansi. Mkati mwa phesi muli timipata toyenda mpweya kuchokera kutsamba kukafika kumizu, apo ayi mizu ikanaola m'matope muja.

China chimene ndinawaonetsa alamu ndi pakati pa duwa. Duwa lotsegula tsiku loyamba limakhala ndi kambale kodzaza timadzi pakatipo, njuchi ikabwera ndi mungu wochokera ku duwa lina imatererekeramo, mungu uja n'kusukuluka n'kutsala pomwepo, ndipo tizilombo tina timamira ndithu, tinapezamo kamodzi katafa. Mawa lake timadzi tija tauma, duwa lomwelo layamba kutulutsa mungu wake. Pakapita masiku atatu kapena anayi limatseka osatsegulanso, phesi limapindika n'kulikokera pansi pa madzi, mbewu zimakakhwimira komweko.

Tikupuma pa chulu alamu anayambanso zoti koma apinki aja ndi apamwamba. Paja ine ndimaphunzitsa Biology, ndiye apa anandiputa dala.

Zomera zinayamba kumera pamtunda zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo koma kwa nthawi yaitali zedi dziko linalibe duwa ngakhale limodzi. Kunali ndere, kunali zomera za masamba a nthenganthenga zija zimakonda m'mbali mwa mitsinje, kenako mitengo ya mtundu wa paini wa ku Chikangawa ndi mkungudza wa ku Mulanje, imene mpaka lero imabereka mbewu popanda kuchita maluwa. Mungu wakale kwambiri wa zomera zamaluwa umene akatswiri amagwirizana nawo wapezeka m'miyala ya zaka pafupifupi 130 miliyoni. Ku Spain anafukula kachomera ka m'madzi kotchedwa Montsechia ka nthawi imeneyo, ku Liaoning ku China anapeza Archaefructus ka zaka 125 miliyoni, nakonso ka m'madzi, ndipo ku Portugal anapeza timaluwa tating'onoting'ono ta banja la kakombo. Ndi nyengo yomwe ija chilombo cha ku Karonga, Malawisaurus, chimene mafupa ake amaonetsa ku myuziyamu kuja, chinkayenda ndi miyendo yake. Kuchokera pamenepo maluwa anafalikira mwaliwiro lodabwitsa, moti wasayansi wa ku England, Charles Darwin, mu 1879 analembera mnzake Joseph Hooker kalata yodandaula kuti nkhaniyi ikumuzunguza mutu, iye ankakhulupirira zosintha pang'onopang'ono koma miyala ikuonetsa ngati maluwa anangotulukira. Lero mitundu ya zomera zamaluwa ndi pafupifupi 300,000, ndipo mwa zomera 10 zilizonse zapamtunda 9 ndi zamaluwa, kuphatikiza chimanga ndi ngayaye zake, fodya, soya, mtedza uja amaswa agogo.

Nde cha m'ma 1999 akatswiri atayerekeza DNA ya zomera zambirimbiri anapeza kuti nthambi yoyamba kupatuka pa mtundu wonsewu ndi kachitsamba kotchedwa Amborella, komwe kamamera pa chilumba cha New Caledonia chokha, ndipo yachiwiri ndi ya kakombo. Sikuti kakombo wa ku Santhe ndi amene anabereka chimanga ayi, nayenso wakhala akusintha, koma banja lake linapatukana ndi ena onsewo kalekale, udzu usanakhaleko n'komwe. Titati tikhale pabwalo potsata ukulu, kakombo akhala pampando, chimanga ndi fodya pamkeka.

Alamu ndi a dikoni, anangoti zonsezo zinalengedwa tsiku lachitatu, tiyeni tizule tizipita. Sindinatsutse, dzuwa linali litayamba kuswa mtengo.

Za apinkiwo ndinawauzabe tili m'matope. Ambiri amene amagulitsidwa m'miphika anachokera kwa mlimi wina wa ku France, Latour-Marliac, amene ankakwatitsa mitundu yosiyanasiyana n'kukaionetsa ku chionetsero cha ku Paris mu 1889, ndipo Claude Monet wojambula uja anagula ake kwa iyeyo. Anawapangira kuti azipirira chisanu cha kwawoko, vuto limene ife tilibe. Ndipo chosekesa n'choti pa mitundu yopirira chisanuyo panalibe wabuluu, azungu akafuna wabuluu ankasaka wathu yemweyu, amene Aigupto akale ankajambula m'manda a mafumu awo. Kuno timangoti za achule. Anzathu a ku Nsanje okha ndi amene amamudziwa bwino, timibulu take ta pansi, nyika, amakumba m'madambo n'kuphika chaka chikavuta.

Kuzula sikunavute, dzanja m'matope mpaka m'chigongono, kufufuza kambulu kolimba n'kukatulutsa ndi mizu yake. Tinatengako pang'ono, totsala tambiri tinasiya. Ndowa ina tinadzaza dothi lakuda la makande.

Kunyumba tinayamba ndi kutsuka tsamba lililonse ndi mizu yomwe chifukwa cha nkhono zija, mwina zibwere ndi mazira ake. Madzi a m'dziwe ndinawauza akhuthule kaye athire ena, simenti yatsopano imawawitsa madzi. Tinadzala m'mabeseni akale, makande pansi, kambulu pakati koma nsonga yophukira osaikwirira, pamwamba mchenga wamtsinje ndi timiyala kuti dothi lisavunduke. Alamu amafuna kuthira manyowa a nkhuku, ndinakana, mawa lake madzi angakhale obiriwira ndi ndere. Mabeseniwo tinawakhazika pa njerwa kuti masamba aziyandama bwino, akamakula azichotsa njerwa imodziimodzi mpaka beseni lifike pansi, kuya kwa theka la mita kumakwana. Chofunika kwambiri ndi dzuwa, maola 6 kapena kuposa, ndiye nthambi ya mango imene yaweramira pamenepo iyenera kupita. Ka fawunteni kamene amalota kaja ndinati aiwale, kakombo safuna madzi ogavira. Nsomba aikemo timatemba tizidya mphutsi za udzudzu, osati chilunguni, chimenecho chimadya masamba. Ndipo wina asawanamize kuti aonjezere namasupuni poti naye ali ndi duwa lokongola, ameneyo kwawo ndi ku South America ndipo zomwe wachita mu Shire ku Liwonde tonse tikuzidziwa.

Achemwali anga nthawi yonseyi amangoyang'ana ali chete, kenako pa nsima ndi pamene anayankhula, ati dziwe lanulo silikhala lopanda mpanda pamene mwana wangoyamba kumene kuyenda. Alamu anayesa kunena kuti waya awononga maonekedwe koma sizinamveke. Lolemba akukagula waya ndi mapolo, ndipo eti wokumba maenje ake ndine ndikaweruka.